Lipoti la msonkhano wa kafukufuku wa khansa za m'magazi zosowa mwa ana

Wapampando ndi mamembala nonse, ndikuthokoza pondituma kumsonkhanowu, ndipo malisiti onse a ulendo ndawapereka kale kwa msungichuma. Zokamba zotsegulira zinali kuthokozana kokhakokha, ndipo gawo la kapezedwe ka ndalama za kafukufuku silinabweretse chachilendo.

Chimene chinandigwira mtima ndi nkhani ya JMML (juvenile myelomonocytic leukaemia), khansa ya m'magazi imene imapezeka mwa mwana mmodzi pa ana pafupifupi miliyoni imodzi pachaka, makamaka osakwana zaka zinayi. Mwanayo amabwera ali wotuwa, kapamba atatupa, maselo oyera otchedwa monocyte atachuluka m'magazi, ndipo popeza mavairasi monga CMV ndi EBV amaonetsanso zizindikiro zomwezi, dokotala akhoza kusochera nthawi yaitali. Ofufuza anasonyeza kuti mwa odwala pafupifupi 90 pa 100 aliwonse mumapezeka kusintha mu imodzi mwa majini (tizigawo ta DNA tolamulira mmene maselo amagwirira ntchito) asanu awa: PTPN11, NRAS, KRAS, NF1 ndi CBL. Kudziwa jini yomwe yasintha ndiko kumalamula chithandizo, chifukwa mwana amene PTPN11 yake yasintha m'maselo a magazi okha, osati m'thupi lonse, amafunika kumuika msanga maselo atsopano opanga magazi, pamene ana ambiri obadwa ndi vuto la CBL matendawa amawazizirira okha. Kulakwitsa apa ndiko kuika khanda pa chithandizo choopsa chimene sichinkafunika, kapena kulichedwetsera chimene chikanalipulumutsa.

Ambiri mumsonkhanomo ankalimbikitsa kuti chipatala chilichonse chigule makina owerenga DNA. Ine sindinagwirizane nazo, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu mundiona ngati wobweza zinthu m'mbuyo. Matenda osowa chonchi sangadzaze makina, ndipo mankhwala oyezera angathe mphamvu ali pashelefu. Chotiyenera ndi mgwirizano ndi labotale yaikulu imene tingamatumizeko magazi ndi mafuta a m'mafupa. Komatu ngakhale zimenezi sizingayende ngati masampulo apitiriza kugona patebulo kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba, nkhani imene ndinaidandaula chaka chatha koma mpaka lero komiti siinaikambe. Maikulosikopu yathu yachiwiri nayonso ikudikirabe okonza, chonsecho woyamba kukayikira JMML ndi munthu woyang'ana dontho la magazi pagalasi.

Bungwe la WHO linakhazikitsa mu 2018 cholinga choti pofika 2030 ana 60 pa 100 aliwonse odwala khansa azichira. Ndikupempha kuti nkhani ya katumizidwe ka masampulo ikhale yoyamba pamsonkhano wathu wotsatira, ndiponso kuti asankhidwe munthu mmodzi wolembera kalata malabotale amene angatilandire.