Kachitsamba ka ku Nevada si mbande ya tomato

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata ndinenepo za kachitsamba kena ka ku America komwe anthu akhala akukanganirana kwa zaka ndithu. Dzina lake ndi Tiehm's buckwheat, kanatchulidwa potengera Arnold Tiehm yemwe anakapeza mu 1983 m'mapiri a miyala a Silver Peak ku Nevada, chipululu chenicheni. Si buckwheat yodya ija ayi, aka nkakutchire, kamamera kokwawa pansi, masamba otuwa, maluwa achikasu ozungulira ngati timipira cha mu Meyi ndi Juni. Dziko lonse lapansili kamapezeka pa maekala pafupifupi 10 basi, malo oti ena amalima okha chimanga.

Tsoka lake nloti dothi lomwe kamakonda ndi lomwelonso lili ndi lithium ndi boron wambiri, ndiye kampani ya ku Australia ya Ioneer ikufuna mgodi wake wa Rhyolite Ridge pompo, akuti lithium wake angakwanire mabatire a magalimoto amagetsi pafupifupi 370,000 pachaka. Boma la America mu Disembala 2022 linakaika pa mndandanda wa zomera zotsala pang'ono kutha nkupatula maekala 910 oti akhale otetezedwa, koma boma lomwelo mu Okotobala 2024 linavomereza mgodiwo, kufika Januwale 2025 nkuvomeranso kupatsa kampaniyo ngongole ya madola 996 miliyoni. Kwinaku akuteteza kwinaku akusainira, eti.

Ine sindikudana ndi lithium, foni ndikulemberayi ili ndi batire yake ndipo magetsi akathima timadalira zomwezo. Komanso a kampani anasintha mapulani kuti asakumbe pomwe pamera zitsambazo, zimenezo tiwayamikire. Chomwe chikundivuta nkuti akumadalira kwambiri nkhani ya mbande, akufesa njere mu greenhouse (nyumba yolereramo mbande) ngati kuti zikavuta angokawokera kwina. Aliyense amene anayesako kuzula duwa la m'phiri nkulidzala kuseri kwa nyumba akudziwa zomwe zimachitika, limafota ngakhale uthirire bwanji. Ofufuza a ku University of Nevada, Reno atayesa dothi la malo ena anapeza kuti mbandezo sizichita bwino monga pa dothi lakwawo lija. Nanga njuchi ndi tizilombo tina tomwe timatenga mungu pamaluwapo, nazonso azisunga mu greenhouse? Fumbi la mathiraki usana ndi usiku kwa zaka zambiri ligwera pati?

Tikumbukirenso za 2020 pomwe zitsamba masauzande zinapezeka zitafukulidwa m'nyengo imodzi yokha. Aboma anati ndi tiagologolo ta m'chipululu ndipo anati DNA ikusonyeza choncho, a bungwe loteteza zachilengedwe la Center for Biological Diversity anati ayi ndi anthu. Kaya anali ndani, kwa ine nkhani ndi yoti ngati tiagologolo tokha tingawononge chonchija, malowo ngochepetsetsa moti sangapirirenso dzenje la mgodi pafupi pomwepo.

Mabungwe atatu kuphatikizapo la anthu a mtundu wa Western Shoshone, eni nthaka akalekale, anakasuma kukhoti mgodi utangovomerezedwa. Chonde a Mkonzi, mukamatilembera za magalimoto amagetsi muzitiuzako za mlandu umenewu.

Wowerenga wanu,
ku Zomba