Lipoti la msonkhano wa momwe makolo angathandizire ana kuwerenga kunyumba

Wapampando, mamembala a komiti ndi makolo anzanga nonse,

Munandituma kuti ndikakuimireni ku msonkhano wokambirana za kuwerenga kwa ana aang'ono. Nazi zomwe ndabwera nazo.

Otsogolera zokambirana anayamba ndi chiwerengero chomwe chinatidandaulitsa tonse. Lipoti la mu 2022 la World Bank, UNESCO, UNICEF ndi mabungwe ena linasonyeza kuti m'maiko osauka ndi omwe akutukuka kumene, ana pafupifupi 70 mwa 100 aliwonse a zaka 10 satha kuwerenga nkhani yosavuta n'kuimvetsa. Ambiri mwa anawa ali pasukulu ndithu.

Mfundo yomwe inandigwira mtima, ndipo ndikufuna tiikambirane mofatsa, ndi yakuti kholo losadziwa kuwerenga nalonso lili ndi gawo lalikulu. Mwana asanazindikire chilembo papepala, khutu lake liyenera kuzolowera maliwu. Ayenera kumva kuti "mutu" ndi "munthu" akuyamba mofanana, ndiponso kuti "kalulu" amaduka katatu: ka-lu-lu. Izi zimaphunzitsika poomba m'manja, poimba ndi pocheza, opanda buku. Nthano nazo zimampatsa mawu ambiri, ndipo mwana wodziwa mawu ambiri savutika kumvetsa zomwe akuwerenga. Anatilangiza kuti tizichita zonsezi m'chilankhulo chomwe mwanayo amayankhula pakhomo, chifukwa luso lomwe walipeza m'chilankhulo chake limamuthandiza akamaphunzira china. Kholo lotere lingathenso kumuuza mwana kuti, "Tandiwerengere," kenako n'kumufunsa kuti nkhaniyo ikuti chiyani. Makolo amene mumati "ine sukulu sindinapite nayo patali," uthengawu ndi wanu.

Anatichenjezanso za kuloweza. Mwana amatha kulakatula tsamba lonse maso ali kwina, ife n'kumasangalala kuti akuwerenga. Njira yodziwira ndi yosavuta: mulozereni mawu amodzi pakati pa chiganizo, kapena mulembereni maphatikizo omwewo mosinthanitsa. Akakakamira, musamuuze yankho msanga. Mulekeni atchule liwu lililonse payekha, kenako awaphatikize.

Pa nkhani ya chilango panali kusiyana maganizo. Ena ankati mwana akapanda kuopsezedwa sachita khama. Ine sindinagwirizane nawo, ndipo ndinanena poyera. Mwana yemwe amakalipiridwa akalakwitsa amayamba kuopa buku, ndipo kuti adzalikondenso pamafunika ntchito yaikulu.

Za nthawi sitinachedwepo. Mphindi zochepa tsiku lililonse zimaposa ola lathunthu kamodzi pa sabata. Mabuku akasowa, zolembedwa pa mapaketi, pa kalendala ndi pa zikwangwani ndi zowerenga zokwanira poyambira. Foni ingathandize ngati kholo lili pambali pa mwanayo. Abambo tinadzudzulidwa kuti ntchitoyi timaisiyira amayi, ndipo palibe anatsutsa.

China chofunika: mwana yemwe akutsalira kwambiri ngakhale akuthandizidwa, kapena amene amayandikitsa buku kumaso, tikamupimitse maso ndi makutu tisanamutchule waulesi.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira tigwirizane zinthu ziwiri. Choyamba, tipemphe aphunzitsi a makalasi oyambirira atisonyeze momwe amaphunzitsira maliwu a malembo, kuti zomwe tikunena kunyumba zisasemphane ndi za m'kalasi. Chachiwiri, tisankhe anthu oyang'anira kubwerekana mabuku pakati pa mabanja athu. Amene ali ndi mabuku a ana omwe anasiya kuwagwiritsa ntchito, abwere nawo tsikulo.

Ine nthumwi yanu.