Broadway si holo imodzi ayi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za mawu oti Broadway amene achinyamata athu a zisudzo akumawatchula kwambiri masiku ano, ambiri akumayesa ngati ndi chiholo chimodzi ku America komwe ukangoponda pa siteji basi watchuka. Sizili choncho ayi.

Broadway ndi msewu wa ku Manhattan mu mzinda wa New York. Kalekale inali njira ya eni nthaka a kumeneko, kenako kunabwera a Dutch omwe mzindawu ankautcha New Amsterdam, ndiye Angerezi ataulanda mu 1664 dzina linadzakhazikika kuti Broadway, kutanthauza msewu wotakata basi, za zisudzo munalibemo. Maholo anabwera pambuyo, ankamangidwa motsata msewuwu n'kumasunthira kumpoto pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 1900 anadzaunjikana pafupi ndi Times Square, komwe usiku magetsi a zikwangwani ankawala mbee mpaka anthu anaupatsa dzina lina loti Great White Way.

Koma chomwe ndikufuna anzanga amvetse n'choti lero amawerenga mipando. Holo kuti itchedwe ya Broadway imafunika mipando 500 kapena kuposa, ndipo oterewa alipo 41, ochepa okha ngati Winter Garden ndi Palace ndi amene ali mumsewu weniweniwo, ambiri ali m'timisewu ta m'mbali. Ya mipando 100 mpaka 499 amati Off-Broadway, yochepera apo Off-Off-Broadway. Ndiye iyi ndi bizinesi yeniyeni, anthu amathiramo ndalama zawo, osewera amagwira maulendo 8 pa sabata, matikiti akangosiya kuyenda sewero amalitseka ngakhale likhale lokoma bwanji.

Ine izi zimandikhudza chifukwa kufikako n'kotheka ndithu. Sewero la Sarafina la Mbongeni Ngema linayambira ku Market Theatre ku Johannesburg mu 1987, linadutsa kaye mu holo yaing'ono ya ku Lincoln Center ku New York, n'kudzalowa mu holo ya Broadway yotchedwa Cort Theatre mu January 1988, ana a ku South Africa atavala yunifolomu ya sukulu akuimba za apartheid pamaso pa anthu olipira okha tikiti.

Pempho langa kwa atolankhani anu, mukamalemba kuti gulu lakuti lakasewera ku New York muzitiuza dzina la holo komanso imalowa anthu angati, ana athuwa azidziwa bwino chomwe akulota.

Wokonda zisudzo,
Zomba