Lipoti la msonkhano wa chisamaliro cha ana amasiye ndi okalamba, kwa amayi a Chigwirizano ku Mufakose, mu Harare ku Zimbabwe

Amayi anzanga, mudandituma, ndabwerako. Msonkhano udachitika Loweruka m'holo ya tchalitchi china ku Mbare. Kombi idachedwa kudzaza, ndiye pemphero ndi malonje zidandipita. Zambiri zinkayankhulidwa m'Chishona, koma palibe chidandiphonya.

Oyankhula adayamba ndi kutchula thandizo lomwe lilipo. Ndondomeko ya boma ya BEAM, yomwe idayamba mu 2001, imalipirira fizi ana osowa, ndipo mayina amasankhidwa ndi komiti ya anthu a m'dera la sukuluyo. Ilipo AMTO, kalata ya boma yothandiza olephera kulipira kuchipatala, ilipo nambala ya Childline, 116, yoimba ulere mwana akamazunzidwa. Izi ambiri mukuzidziwa, sinditayapo nthawi.

Chomwe chidandikhudza ndi gogo wina amene adaimirira nthawi ya mafunso. Adamasula mfundo ya mpango, natulutsa chitupa chachitsulo chija cholembedwa A, chizindikiro cha mlendo, chonsecho adabadwira konkuno, bambo awo atabwera kuchokera ku Dedza. Akulera zidzukulu zitatu, palibe ndi mmodzi yemwe ali ndi chikalata chobadwira, ndipo wamkulu wayandikira mayeso a Giredi 7. Gogoyo adayankhidwa kuti malamulo aakulu a dziko a 2013, gawo 43, amati wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanatuluke, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC, iye n'kumakhala muno pa nthawiyo, ndi nzika yobadwa. Gogoyo adangoti kukamwa yasa. Zaka zonsezi padalibe wowauza, kapena wowagwira dzanja kupita nawo kukasintha chitupacho. Ndidakumbuka makomo angapo a mumpingo mwathu, mayina sinditchula pano.

Apa m'pamene padagona msonkhano wonse. Thandizo silidzigogodera lokha pakhomo. Pamafunika munthu woyenda nalo banjalo, wodziwa kuti mwana uyu wajomba masiku angati, mankhwala a gogo atha liti, pepala lakutilakuti likatengedwa kuti. Boma lili ndi anthu odzipereka a m'madera otchedwa ma CCW amene amachita zimenezi, koma makomo ndi ambiri.

Adatifotokozeranso za Friendship Bench, yomwe Dr Dixon Chibanda adaiyambitsira ku Mbare komweko. Agogo ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa kiliniki, kumvetsera munthu amene wadwala maganizo, matenda omwe Ashona amati kufungisisa. Samulalikira ayi. Amamusiya akhuthule zonse, kenako asankhe yekha vuto limodzi loyamba nalo. Ndidaseka chamumtima, poti ife tikalowa pakhomo timayamba ndi vesi, mwininyumba asanatsegule n'komwe pakamwa.

Bambo wina adati bungwe lililonse lizijambula mabanja omwe lawathandiza kuti opereka ndalama aone. Ndidakana m'dzina lanu. Mwana wa mnzako sungamuimike ndi thumba la ufa kumutu n'kumuika pa Facebook. Ngati ndidalakwa mundidzudzule.

Maganizo anga ndi awa. Unamkungwi ndi unkhoswe tili nawo kale, vuto lathu n'lakuti timaonekera pa maliro ndi pa Khirisimasi basi. Tigawane makomo, amayi awiri pa khomo limodzi, kuyendera pakatha masabata awiri aliwonse, chaka chathunthu osasinthana, kuti ana atizolowere. Zomwe tikaone kumeneko zisafike pamsika. Za anyamata osinkhuka tipemphe abambo akumpingo, poti zina sangatiuze ife. Ntchito yoyamba ikhale kufunsa za zitupa ndi zikalata zobadwira, khomo ndi khomo.

Ndalama ya ulendo yotsala ndapereka kwa amsungichuma. Lachinayi bwerani ndi mayina a makomo, olembedwa papepala lopinda, muwapatse amayi wapampando okha.