Ndi mawu a Mulungu, kapena ndikungodzinamiza?

Okondedwa Alangizi,

Ndine mayi wa zaka 43, ndimakhala ku Mchini kuno ku Chipata, ndipo ndimagulitsa nshawa ndi nyemba pamsika wa Kapata. Ndinakulira mu mpingo wa RCZ (Reformed Church in Zambia). Agogo anga anali a ku Magwero, komwe mpingowu unayambira mu 1899, choncho kupemphera sindinayambe dzulo.

Bambo a kunyumba anatisiya chaka chatha. Miyezi itatu tsopano ndimadzidzimuka cha m'ma 3 koloko usiku, mumtima muli mawu amodzimodzi: "Pita ku Chadiza ukawatenge apongozi ako." Sindiwamva ndi khutu ayi, koma sandisiya. Apongoziwo ndi omwe aja ananyamula njinga, wailesi ndi mabulangete anthu asanabalalike n'komwe pamaliro, ine n'kugona pamphasa ndi ana, titafunda zitenje. Lero maso awo achita khungu, ana awo onse ali ku Lusaka.

Mnzanga wapamsika ananditengera kumapemphero a kuphiri. Mneneri wa kumeneko anandigwira pamutu n'kunena kuti Mulungu wamuuza kuti umenewo ndi mzimu wa malemu ukundikokera kumanda. Akuti ku Chadiza ndisapondeko, ndibweretse mbewu ya K1,500 andimasule. Ndalamayo ndinasungira feteleza, mvula nayo ili pafupi. Abusa athu nditawafotokozera anati Mulungu sagulitsa mawu ake, ndipo kusamala mayi wamasiye n'kolembedwa kale. Anandipatsa 1 Yohane 4 kuti ndiyese mizimu. Nshawa ndimayesa ndi meda, nanga mizimu ndiyesa ndi chiyani?

Samueli ataitanidwa katatu usiku uja anathamangira kwa Eli, ndipo Eli anali mmodzi. Ine a Eli anga alipo awiri, aliyense akuloza kwake. Ndisabise, zonena za mneneri zinanditsekemera, chifukwa mayi aja sindikufuna kuwaona pakhomo panga. N'zimene zikundiopsa. Komanso mwina mawu a usikuwo ndi chisoni chabe, poti ndikagona ndimaona nkhope ya mwana wawo.

Ndithandizeni, Alangizi. Kodi Mulungu angandiuze chinthu mumtima, n'kukauza munthu wina zosiyana za ine ndemwe? Ndipo ngati ndi Iyeyo, ndiyenera kuyamba ndakhululuka ndisanakwere basi, kapena ndingopita mtima ukadali kuwawa chonchi? Mwana wanga wamkulu wanena kale kuti agogo akewo akalowa m'nyumba, iye atuluka.

Ndine,
Mayi wosowa tulo,
Mchini, Chipata