Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zokopa Alendo: chiwerengero cha pamalire sichikufotokoza za Chigwa cha Shire

Olemekezeka a Nduna,

Ndikukulemberani kuchokera ku Ngabu, m'boma la Chikwawa, pa nkhani ya ziwerengero za alendo ochokera kunja zomwe mayiko amapikisana nazo chaka ndi chaka.

Mu 2023 dziko la France linalandira alendo pafupifupi 100 miliyoni, Spain oposa 80 miliyoni. Muno mu Africa, Morocco ndi Egypt analandira oposa 14 miliyoni aliyense, South Africa oposa 8 miliyoni. Ife a Malawi, ngakhale mliri wa Covid-19 usanafike, sitinkafika miliyoni imodzi. Munthu akaona zimenezi amagwa mphwayi. Komatu tifunse kaye zomwe zimawerengedwa.

Pa kawerengedwe ka bungwe la UN Tourism, mlendo ndi aliyense amene wadutsa malire n'kugona m'dzikomo usiku umodzi kapena kuposerapo, bola asakhale kuti wabwera kudzalembedwa ntchito. Wodzachita malonda amalowa momwemo, wodzaona achibale chimodzimodzi. Munthu wa ku Mozambique wolowera pa Marka kudzalira maliro ku Nsanje amaikidwa gulu limodzi ndi amene watera pa Chileka kudzakhala sabata yathunthu ku Majete. France ili pakati pa mayiko olemera amene anthu ake amadutsa malire pa sitima kapena pa galimoto popanda chowaimitsa. Alendo ambiri ofika ku South Africa ndi a mayiko oyandikana nalo monga Zimbabwe, Mozambique ndi Lesotho, olowa pa msewu. Kudziyeza ndi mayiko otere pa chiwerengero cha mitu chokha n'kudzinamiza.

Amene tingaphunzireko ndi a Rwanda. Kuyambira 2017 chilolezo chokaona anyani aakulu aja a gorilla ndi madola 1,500 munthu mmodzi, ndipo gawo la ndalama za kumalo osungirako nyama limabwerera kumidzi yozungulira. Iwo anaika mtima pa zomwe mlendo amasiya.

Kuno tili nazo zoti mlendo n'kukhalira masiku. Majete inali itatheratu nyama ndi opha mozemba, koma kuchokera pomwe bungwe losamalira nyama zakuthengo la African Parks linayamba kuyendetsa malowa mu 2003, zipembere, njovu ndi mikango zinabwezeretsedwa, ndipo lero kuli akadyamsonga ndi akakwiyo omwe. Ku Lengwe kuli boo (nyala pa Chingerezi), nyama yomwe mwachilengedwe sipezeka kumpoto kwambiri kupitirira chigwa chino. Dambo la Elephant Marsh, lodzaza mbalame, ng'ona ndi mvuu, linalowa m'kaundula wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse, mu 2017. Ku Nsanje kuli Mwabvi, komanso kachisi wa Mbona ku Khulubvi, amene Amang'anja amusunga kwa zaka mazanamazana. Livingstone anadutsa mumtsinje wathuwu wa Shire mu 1859 n'kukatsekeredwa ndi mathithi a Kapichira.

Chimandiwawa n'chakuti alendo ambiri amatsika phiri kuchokera ku Blantyre, kuwoloka mlatho wa Kamuzu, kulowa ku Majete, kenako n'kubwerera. Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje sawaona n'komwe. Msodzi wa bwato amene akanawayendetsa m'dambo, mayi woluka mikeka ya mlaza, mnyamata wodziwa mayina a mbalame, onsewa sapezapo kanthu. Dziko lamva dzina la chigwa chathu chifukwa cha namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, osati chifukwa cha chuma chimenechi.

Boma litachotsa viza kwa anthu a mayiko 79 mu Febuluwale 2024, cholinga chinali kuchulukitsa olowa. Koma kulowa m'dziko si kufika ku Mwabvi.

Choncho ndikupempha, a Nduna, kuti unduna wanu uzitulutsa ziwerengero za boma lililonse: alendo angati anafika ku Chikwawa ndi ku Nsanje, anagona masiku angati, anasiya ndalama zingati, ndipo ndi angati anali Amalawi anzathu. Makhonsolo ndi mafumu akhale nazo m'manja pokambirana za bajeti. Kambiranani ndi anzanu a zamtengatenga za misewu yolowera ku Lengwe ndi ku Mwabvi, kuti izidutsika ngakhale dzinja. Ndipo anyamata ndi atsikana a m'mbali mwa Elephant Marsh aphunzitsidwe ndi kupatsidwa ziphaso zoperekeza alendo, kuti makampani a ku Blantyre ndi Lilongwe akhale ndi anthu odalirika owatumizira alendo awo kumunsi kwa Nchalo.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa ku Ngabu, Chikwawa