Za ampu ya mnyamata wathu

Achemwali anga,

Muli bwanji kumeneko ndi ana onse? Kuno ku Oklahoma City ndili bwino, ntchito yosamalira okalamba ikuyenda. Ya feteleza ndatumiza, koma ndaonjezerapo ina ndipo imeneyo chonde musaikhudze, ndi yogulira ampu ya mnyamata wathu, kabokosi kokweza mawu a gitala. Ndamva zoti mukumamukalipira kuti gitala ndi za anthu osowa chochita, zandiwawa, tandimverani kaye.

Mtauni muno muli msewu dzina lake Charlie Christian Avenue. Mwini dzinalo anali katswiri wa gitala ya jazz, anabadwa 1916 ku Texas koma anakulira konkuno, bambo ake anali osaona ndiye banja lonse limakaimba m'misewu kuti lipeze kangachepe, ndipo ali mwana amakhoma yekha gitala ndi kabokosi ka fodya, ngati mmene wathuyu anayambira ndi chigubu cha mafuta chija. Nthawi imeneyo mu jazz wagitala amakhala kumbuyo, ntchito yake kumangogunda makodi basi, chifukwa malipenga ndi ng'oma zimamumeza, kaya akhale katswiri chotani palibe amamumva. Ndiye 1936 a kampani ya Gibson anatulutsa gitala yamagetsi ya ES-150, pansi pa mawaya pali kamaginito kotola kunjenjemera kwa wayayo n'kutumiza ku ampu. Eddie Durham anajambulako nyimbo ndi gitala yamagetsi 1938, koma amene anaitengera kutsogolo kwenikweni ndi Christian, iyeyo ankaliza waya umodziumodzi mawu ake n'kumatalika ngati sakisofoni, anthu n'kumadabwa kuti imeneyi ndi gitala zoona?

1939 Benny Goodman, mtsogoleri wa bandi yotchuka ya jazz, anamulemba ntchito mu bandi yake, mzungu kulemba mnyamata wakuda nthawi ya tsankho loopsa, ndipo malipiro anachoka pa $2.50 usiku umodzi kufika $150 pa wiki. Christian akaweruka samakagona ayi, amapita ku kalabu ya Minton's ku Harlem, mumzinda wa New York, kukaimba mpaka mbandakucha ndi anzake ngati Thelonious Monk ndi Kenny Clarke, kumeneko ndi kumene mtundu watsopano wa jazz wotchedwa bebop unayambira. TB inamutenga mu March 1942 ali ndi zaka 25 zokha, ine zimandimvetsa chisoni kwambiri achemwali, zaka zitatu zokha za kutchuka koma oimba gitala ya jazz obwera pambuyo pake anaphunzira kwa iyeyo. Mmodzi mwa iwo, Wes Montgomery, analoweza ma solo ake onse, masana amawotcherera zitsulo usiku n'kumaimba, ndipo ankaliza ndi chala chachikulu kuti asasokose anthu akagona. Zimenezo mumuuze mnyamatayo, sukulu asasiye komanso usiku azitsitsa volyumu, agogo ake azigona.

Ampuyo agule yaing'ono yoti izitheka ndi batire poti magetsi amavuta, ndipo aiyese pomwepo asanalipire, ikamalira yokha mmmm aisiye. Akagula andijambulire kavidiyo pa WhatsApp ndimumve.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze mankhwala a miyendo aja ndikuwafufuzabe.

Ndine mlongo wanu.